Kodi chifundo cha Mulungu chimafika kwa munthu amene sanabweze zomwe anatenga?

A admin chonde mundibise dzina. Abale anga mwa Ambuye ndithandizeni maganizo, nkhaniyi ikundisowetsa tulo. Mu 2022 ndinali msungichuma wa banki mkhonde yathu ya amayi, mwana wanga atadwalika ndinatapamo K180,000 ndimvekere ndibweza mwezi ukatha koma geni yanga ya kaunjika inagwa, ndiye tsiku logawana litafika ndinanama kuti akuba anandithyolera nyumba. Amayi anzanga analira nane, ena mpaka kundibweretsera ufa. Mwana anachira. Kulapa ndalapa, Salimo 51 ndimawerenga usiku ndi usiku ndipo pa 1 Yohane 1:9 akuti tikavomereza machimo athu Iye amakhululuka, koma ndikangokumana ndi mayi wina wamasiye amene ndalama yake inali ya feteleza thupi lonse limazizira, mgonero ndinasiya kudya. Kodi chifundochi chinandifika kale kapena chikudikira ndiulule kaye?

Yankho: Mayi pepani, chifundo sichigulidwa. Wachifwamba uja pa mtanda pa Luka 23 sanabweze kalikonse koma Yesu anamulonjeza Paradaiso tsiku lomwelo. Musadzizunze.

Yankho: Zoona achimwene koma uja manja anali okhomedwa, amayiwa manja ali nawo. Taonani Zakeyu pa Luka 19, Yesu anayamba ndi kumuitana mumtengo muja nkulowa m'nyumba mwake asanapereke ndi tambala yomwe, kenako mwini wake ndi amene anaimirira nkulonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Ndiye ine ndikuona kuti chifundo chinakufikani kale mayi, ndipo ndi chomwecho chikukulandani tulocho. Davide naye Natani anamuuza kuti Yehova wachotsa tchimo lake pa nkhani ya Uriya ija, 2 Samueli 12, koma zowawa m'nyumba mwake sizinaleke kubwera, inunso manyazi mukumana nawo ndithu, sindikunamizani.

Yankho: Musapite nokha ku gulu lonse, anthu akapsa mtima nkhani itha kuthera kupolisi. Yambani mwaonana ndi abusa kapena amayi busa akuperekezeni kwa wamasiyeyo, mutengeko kangachepe m'manja ndi pepala losonyeza mmene muzibwezera mwezi ndi mwezi.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndawerenga ndikulira. Za Zakeyu zija sindinazionepo choncho, ine ndimangoona kanayi kaja nkumati sindingakwanitse. Panopa ndili ndi K40,000 yomwe ndasunga pogulitsa mandasi. Vuto lina ndi loti abambo a kunyumba sakudziwa kanthu mpaka lero, iwo anakhulupirira za akubazo moti anagula loko watsopano wa pachitseko. Ndiyambe kuuza iwowo kapena ndipite kaye kwa amayi busa?