Sitima ikaima ku Zanzibar tsiku limodzi, tipite kuti?

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Mwezi wamawa ine ndi mayi anga tikwera sitima yapamadzi ya alendo, ndipo idzaima ku Zanzibar kuyambira m'mawa mpaka madzulo basi.

Mayiwo akufunitsitsa kukaona akamba akuluakulu a pachilumba cha Changuu, chija amati Prison Island. Ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola pa boti kuchokera ku Stone Town, dera lakale la mzinda wa Zanzibar. Koma mawondo awo amavuta: pokwera ndi potsika botilo, kodi munthu amaponda m'madzi kapena pali pokocheza pabwino? Nanga mafunde akakula masana, mabotiwo sachedwa kubwerera? Chomwe ndikuopa n'kuona sitima ikunyamuka ife tikadali pakati panyanja, poti siidikira munthu.

Ineyo mtima uli kunkhalango ya Jozani, kwa apusi ofiira aja, koma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kuchokera ku Stone Town. Malo awiriwa angatheke tsiku limodzi? Za kugombe la Nungwi ndazisiya, kwatalika.

Komanso, ndi bwino kulipira maulendowa kudzera kwa eni sitima, ngakhale amadulitsa, kapena tikapeze wotiperekeza padoko pomwepo? Amene munapitako, munatani?