Kodi ubweya wochotsa ndi laser umameranso pakapita zaka?

Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene munachotsa ubweya ndi laser zaka zitatu kapena zisanu zapitazo.

Ndine mayi, koma ndevu zimandimera pachibwano ndi m'khosi. Ndikameta, pamatuluka tiziphuphu tosiya mawanga akuda. Zandikwana, moti masiku ena sindifuna n'komwe kudziyang'ana pagalasi.

Ndikudziwa kuti kuwala kwa laser kumatsata kuda kwa tsitsi n'kuwotcha muzu wake, koma kumangogwira tsitsi lomwe likukula panthawiyo. N'chifukwa chake munthu amapitako maulendo 6 kapena 8, patapita milungu 4 mpaka 6 ulendo uliwonse. Poti khungu langa ndi lakuda, yondiyenera ndi laser ya mtundu wa Nd:YAG, osati IPL (njira ina yochotsera ubweya ndi kuwala kwamphamvu) yomwe ingandiwotche.

Nkhawa yanga ili pa zam'tsogolo. Kwa inu ubweyawo unatheratu, kapena unangochepa n'kumabweranso wopyapyala? Mumabwererako kangati pachaka? Adokotala anandipeza ndi PCOS, matenda osokoneza mahomoni a amayi, ndiye ndikuopa kuti mahomoni azidzutsa mizu ina. Alipo wa vuto ngati langali amene zinamuthandiza?

Palinso timvi tingapo tayamba kuoneka pachibwanopo. Poti laser sigwira tsitsi loyera, anzanga munatani nato?