Kodi Rhodes-Livingstone Institute ija idakalipo?

Mdzukulu wa ku Bvumbwe

Moni nonse. Malemu agogo anga aamuna adagwirako ntchito ku Luanshya m'zaka za m'ma 1950, koma sankalowa mumgodi. Ankayenda m'makomboni ndi kope, kufunsa anthu za mtundu wawo, malipiro awo ndi kuchuluka kwa ana. Kalata yawo ya ntchito ili ndi chidindo cha Rhodes-Livingstone Institute. Kodi bungweli lidakalipo? Zimandiwawa kuti ana anga amangodziwa zoti agogo anali kalaliki wa azungu, basi.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza

Lilipo achimwene, lidangosintha maina. Lero ndi Institute of Economic and Social Research, mwachidule INESOR, pansi pa University of Zambia ku Lusaka.

Lidakhazikitsidwa mu 1937 ku Livingstone ngati bungwe lofufuza za moyo ndi chikhalidwe cha anthu. Amene adalimbikira kuti likhalepo ndi bwanamkubwa Hubert Young, yemwe asanapite ku Northern Rhodesia adalamulirako kuno ku Nyasaland. Mu 1935 ogwira ntchito m'migodi ya kopa adanyanyala ntchito, ndipo boma lidadzidzimuka poona kuti anthu amene linkawakhometsa msonkho silinkawadziwa n'komwe. Ndalama zoyendetsera bungweli zinkachokera ku maboma a atsamunda komanso makampani a migodi, ndiye mutha kuona nokha kuvuta kwake. Mkulu wake woyamba, Godfrey Wilson, adafufuza moyo wa antchito ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe. Eni mgodi sadakondwe kuti mzungu azicheza momasuka ndi antchito akuda, adamutsekera njira, mpaka adasiya ntchito. Pambuyo pake padabwera Max Gluckman, kenako Elizabeth Colson, kenako Clyde Mitchell. Agogo anuwo ayenera kuti adagwira m'nyengo ya Mitchell, chifukwa ndi iye adakonda kwambiri zowerenga anthu m'matauni a migodi.

Zambia italandira ufulu, mu 1965 bungweli lidalowa m'manja mwa yunivesite n'kutchedwa Institute for Social Research. Mu 1971 lidakhala Institute for African Studies, ndipo dzina la INESOR lidadza mu 1996.

Nachisale wa pa Chitakale

Aphunzitsi, musaiwale kuti ofufuza a bungweli adafikanso kuno kwathu. Mitchell yemweyo adayamba wakhala pakati pa Ayao kuchigawo cha kummwera kuno, Jaap van Velsen adali kwa Atonga a ku Nkhata Bay. Koma ine amene amandikhudza ndi David Bettison. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 adafufuza midzi yozungulira Blantyre ndi Limbe, n'kuwerengera ndalama zochepetsetsa zomwe banja lingafune kuti lipeze ufa, ndiwo, sopo, zovala ndi nkhuni, kenako n'kuziyerekeza ndi malipiro. Mayi anga adathyola tiyi moyo wawo wonse, dengu kumsana, mvula ili pamutu. Nthawi iliyonse anthu akamakambirana za malipiro a m'maesiteti, funso limakhala lomwelo: kodi ndalamayi ifika kumapeto kwa mwezi? Ofunsa nyumba ndi nyumba ngati agogo anuwo ndi amene adachititsa kuti funsoli liziyankhidwa ndi manambala, osati ndi maganizo a bwana.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza

Mwanena zoona mayi. Chondidandaulitsa n'chakuti pachikuto pamakhala dzina la mzungu, pamene odziwa Chibemba, Chinyanja ndi Chiyao, amene anthu ankawatsegulira khomo, amangothokozedwa m'mizere iwiri, ena osatchulidwa n'komwe. Popanda iwo palibe chikadalembedwa.

Achimwene, jambulani kalatayo mbali zonse ziwiri, muwalembere a INESOR, mutchule chaka ndi komboni imene agogo ankayendamo. Mukapita ku Zomba mudzerenso ku Centre for Social Research, yomwe idayamba mu 1979, ndi ku National Archives.

Mdzukulu wa ku Bvumbwe

Zikomo kwambiri makolo anga. Kalatayo ili kwa azakhali ku Thekerani, ndipita Loweruka likubwerali. Iwo ndi amene amakumbukira dzina la mzungu amene agogo ankayenda naye.