Ndikugwira ntchito kuti ndibweze ngongole zimene ndinatenga kuti ndizifika kuntchito. Alipo anatulukamo?

A admin, chonde mundibisire dzina. Abale anga, pepani ndilemba motalikirapo, koma akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndalitafuna zaka zambiri ndili chete.

Ndine bambo wa zaka 38, ndili pa banja, ana awiri. Ndagwira ntchito ya mu ofesi zaka 11 pa kampani imodzimodzi. Sindinalandirepo kalata ya chenjezo, sindijomba, ndipo amene amandiona ndikutuluka m'mawa malaya atasitidwa amati zanga zili bwino. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka mwezi wathawu.

Ndinagulira mwana wanga wamkazi nsapato. Ndinasankha ndekha, ndinabwera nazo kunyumba mtima uli m'mwamba. Atayesa, chidendene chinatsala kunja. Ndinali nditagula saizi imene ankavala zaka ziwiri zapitazo. Mwanayo sanadandaule ayi, anangoti, "Zili bwino adadi, ndizipinda zala." Amayi ake anandiyang'ana, osanena kanthu, n'kubweza nsapatozo m'katoni. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinayamba kuwerengera: ndimachoka ana ali m'tulo, ndimabwera akuwodzera. Loweruka theka la tsiku ndili kuntchito. Lamlungu ndimagona ngati wodwala. Phazi la mwana wanga lakula m'nyumba imene ndimalipira lendi, koma ine osaliona.

Tsono muve za ndalamazo, poti munthu angati mwina nthawi ikupita koma m'thumba mukulowa kanthu. Tsiku la malipiro foni imalira kamodzi kuti ndalama zalowa. Pasanathe mphindi khumi imaliranso kawiri, ndipo ndimadziwa kale kuti ndi mauthenga odula. Ngongole yoyamba ndinatenga kubanki kuti ndigule galimoto, chifukwa ndinkachedwa kuntchito ndipo abwana anali atayamba kuyang'ana wotchi ndikalowa. Yachiwiri ndinatenga kuti ndikonzetse galimoto yomweyo, yotsalayo n'kulipira fizi. Yachitatu, imene ndimachita nayo manyazi kuitchula, ndi ya katapila, ndipo ndinaitenga kuti nditseke dzenje limene ziwiri zija zinasiya. Ndakhala ndikukumba dzenje kuti ndipeze dothi lokwirira dzenje lina.

Chimene sindinkachidziwa posaina mapepala aja ndi mmene chiwongoladzanja chimagwirira ntchito. Pa ngongole yobweza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, m'zaka zoyambirira gawo lalikulu la zimene ukubweza limapita ku chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo imangotsika pang'ono. Nditapempha sitetimenti patatha zaka zitatu ndinaganiza kuti alakwitsa. Sanalakwitse. Ya katapila ndiye musanene. Chiwongoladzanja chake chimaberekanso chinzake. Ngongole yokwera ndi 10 pa 100 iliyonse pamwezi, ukaisiya chaka chimodzi osabweza, 100 uja amasanduka pafupifupi 314. Masamu amenewa ndinawachita mochedwa, nditalowa kale.

M'masiku osowa tulowa ndakhala ndikuwerenga za kumene kagwiridwe ka ntchito kameneka kanachokera, ndipo zandipweteka kuposa ngongolezo. Maola 8 patsiku sanagwe kumwamba. Mu May 1886 antchito mumzinda wa Chicago ku America ananyanyala ntchito pofuna maola amenewa, anthu anafa, ndipo ena mwa atsogoleri awo anapachikidwa chaka chotsatira. N'chifukwa chake mayiko ambiri amakumbukira apantchito pa 1 May. Mu 1919 pangano loyamba la bungwe loona za apantchito padziko lonse la ILO linali lokhudza nkhani yomweyi: maola 8 patsiku, 48 pa sabata, m'mafakitale. Mu 1926 Henry Ford anayambitsa masiku asanu pa sabata m'mafakitale ake a galimoto. Ndipo mu 1930 katswiri wa zachuma John Maynard Keynes ananena kuti pakadzatha zaka 100 anthu azidzagwira maola pafupifupi 15 okha pa sabata, chifukwa makina adzakhala akugwira zambiri. 2030 yafika pakhomo apa. Makina abweradi, ntchito imene inkatenga sabata kompyuta ikuimaliza m'mawa umodzi. Nanga nthawi yotsalayo inapita kwa ndani? Ine foni ya abwana imandipeza 9 koloko usiku ndili pa mpando ndi mwana pamiyendo, ndipo ndimamutsitsa n'kuyankha.

Si nkhani yongotopa chabe. Mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi ILO analengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Ndinawerengera anga a sabata yatha. Anakwana 58, osaphatikiza a pamsewu.

Koma chimene chandichititsa kulemba kuno si maola kapena ngongole. Ndi kukhala chete kwathu. Ndikayamba nkhaniyi ndi anzanga kuntchito, yankho limakhala lomwelomwelo: "Uzithokoza uli ndi pogwira." "Ndi mmene moyo ulili." "Ukafuna kusiya, pakhomo pali anthu mazana akudikira mpando wakowo." Ndikudziwa kuti n'zoona, ndipo ndimathokoza, Mulungu ndi mboni. Ndikudziwa kuti pa gulu lino pali achinyamata amene ali ndi mapepala abwino koma atha zaka akusaka ntchito, ndipo sindikufuna kuti mawu angawa awalase. Koma kodi kuthokoza kukutanthauza kuti tisafunse? Tonse mu ofesi muja tili ndi ngongole, tonse timadziwana, pofika pakati pa mwezi timabwerekana tokhatokha, koma palibe amene amanena mokweza kuti zinthu sizili bwino. Munthu wa ngongole sakana ntchito ya Loweruka. Sapempha kuti amuwonjezere malipiro molimba mtima. Satsutsa bwana ngakhale akuona kuti walakwa. Ndaona ndekha mmene mawu anga mu misonkhano anachepera chiyambire ngongole yachiwiri ija.

Sindikufuna kulemera. Sindikufunanso kukhala pansi manja lende, ntchito ndimaikonda ndipo ndimaidziwa. Ndikungofuna kuti masiku anga akhale ndi kanthu kena kamene ndingakaloze ndikadzakalamba, kupatula malisiti.

Ndiye funso langa ndi ili, makamaka kwa inu amene munadutsamo. Munayambira pati? Munayamba mwamaliza ngongole kenako n'kusintha ntchito, kapena munasintha kaye moyo ngongole zili pamsana? Alipo amene anavomera malipiro ochepa kuti apeze nthawi, ndipo banja linazilandira bwanji? Nanga akazi anga ndiwauze bwanji za katapila uja, poti mpaka lero akudziwa ngongole ziwiri zokha?

Chonde, za mabizinesi olemeretsa m'sabata imodzi musanditumizire.

Mayi wina: Mwana wanga, yambani ndi funso lanu lomalizalo. Akazi anu auzeni sabata ino. Ine ndi malemu amuna anga tinadutsa momwemo, ndipo chimene chinandipweteka nditadziwa sichinali kuchuluka kwa ngongole, chinali chakuti anaisenza yekha zaka ziwiri ine ndikugona pambali pake. Mayi amene anabweza nsapato m'katoni osalankhula uja akudziwa kale kuti china chake chikukudyani. Mukhale pansi awiri ndi pepala, mulembe ngongole iliyonse, yotsala ndi zingati, chiwongoladzanja chake ndi chotani. Muyambe kupha ya chiwongoladzanja chachikulu, enawo muzingowapatsa zimene munagwirizana. Ndipo mufunse kubanki ngati angakutalikitsireni nthawi yobwezera. Zonse pamodzi mudzalipira zambiri, zimenezo mudziwiretu, koma pamwezi mudzapuma n'kupeza mphamvu yothana ndi wakatapila.

Membala wina: Achimwene, ine ndili ndi digiri, chaka chachinayi chino ndilibe ntchito. Mavuto anuwo ndipatseni ine.

Wolemba: Ndakumvani m'bale wanga, ndipo sindikukutsutsani. Ndikupempherera kuti muipeze. Koma taganizani: ine ndikugwira maola 58, inu simukugwira ngakhale limodzi. Ntchito imene ndikuchita usiku ndi Loweruka ija ikanatha kukhala yanu. Vuto langa ndi lanu ndi la m'mphika umodzi.

Bambo wina: Musasiye ntchito muli ndi mkwiyo, bwana. Ine ndinatero, ndinavutika miyezi 14 ndipo ngongole sizinandidikire. Chimene chinandithandiza pa ntchito yachiwiri chinali chaching'ono: ndinagulitsa galimoto, ndinasamukira kanyumba kochepa kufupi ndi kuntchito, ndipo ndinauza abwana mwaulemu kuti ikakwana 6 koloko madzulo foni ndimazimitsa kupatula pakagwa zadzidzidzi. Ndinkayembekezera kuti andichotsa. Anangong'ung'udza mwezi umodzi basi. Anzanga ena anandiseka kuti ndatsika, ndipo kunena zoona zinandiwawa, chifukwa galimoto ija inali ulemu wanga. Musaganizenso kuti kuchepetsa maola ndi maloto a anthu aulesi. Ku Britain mu 2022 makampani 61 anayesa masiku anayi pa sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi, malipiro osadula, ndipo ambiri mwa iwo anapitiriza kuyesako kutatha. Kumene kuli bungwe la apantchito, lowani, chifukwa za maolazi munthu mmodzi payekha sazitha.

Wolemba: Amayi, mawu anu ndawawerenga katatu. Pepala ndalemba kale, lili m'thumba la malaya, manambala ake akundiopsa koma tsopano ndikuwaona onse pamalo amodzi. Akazi anga ndilankhula nawo Lachisanu ana akagona. Bambo, za galimoto mwandikhudza pachilonda. Ndikaigulitsa ngongole yake sithera pomwepo, itsalako, koma ya katapila ndingaimalize tsiku limodzi. Chimene chikundivuta ndi chakuti ana azidzuka m'mamawa kwambiri kuti akafike kusukulu. Inu ana anu munawachita bwanji mutagulitsa yanu, munawasintha sukulu kapena anazolowera ulendowo?