Makatuni ndi magemu a ubwana mu chionetsero changa: anthu akungojambula selfie n'kumapita

Tiyamike_V:

Moni nonse. Ndikukonza ntchito ya m'chipinda chimodzi, yophatikiza vidiyo ndi zinthu zoti munthu azigwira, ndipo ndafika poti ndikufuna maganizo a ena.

Panopa ili chonchi. Pakona pali TV yakale ija yachimsana, ndaiika pa kathebulo kakafupi kuti amene akufuna kuona bwino akhale pansi. Ikuonetsa tizidutswa ta makatuni ndi magemu a m'ma 1990, tochokera pa matepi a VHS, ndipo mizere yoyera ija yothamanga m'munsi mwa chithunzi ndaisiya dala. Kutsogolo kwake kuli mapadi awiri a gemu. Ukadina batani, kachidutswa kamasintha.

Ndinaitana anzanga kudzayesa. Akangolowa n'kumva nyimbo yoyambira katuni, amafuula dzina lake, kuseka, kutulutsa foni, selfie, basi atuluka. Palibe amene anakhala mpaka kufika pa chimene ndikufuna kunena.

Chimenecho ndi ichi. Ine ndinali wamng'ono pa ana onse m'nyumba, ndipo akuluakulu akamasewera ankandipatsa padi yosalumikiza ku makina. Ndinkadina ndi mtima wonse, lilime lili panja, ndikukhulupirira kuti kamunthu kakudumphako ndikukayendetsa ndine. Chimwemwe changa chinali chenicheni, chonsecho chinamangidwa pa bodza. Ndimazipukwa nthawi zimenezo, komanso zimandilasa mtima ndikaziganizira. Ndikufuna wolowa m'chipindacho amve zonse ziwiri.

Ndiye ndithandizeni. Ndichite chiyani kuti munthu asathere pa "eee, ndikuikumbukira iyi"? Komanso nkhani ya umwini wa makatuniwa ikundisowetsa tulo, poti chionetserochi chidzakhala chapoyera.

Mjomba_Pixel:

A Tiyamike, ntchito yanu mwaitchula kale m'ndime yachinayi, koma mwaikwirira ndi makatuni. Padi yosalumikiza ija ndiye ntchitoyo. Zina zonsezo ndi zokopera anthu pakhomo, ndipo zikukopa mopitirira.

Nyimbo yoyambira katuni ndi yamphamvu kuposa chilichonse chimene mungaike m'chipindamo. Anaipeka akatswiri kuti mwana aimve kamodzi n'kuisunga moyo wonse. Mukaiimba, munthu amalandira zimene wabwerera m'masekondi oyambirira, ndiye akhaliranji? Ichotseni. Nkhope za anthu otchuka a m'makatuniwo muzichotsenso.

Taonani zimene anachita Cory Arcangel mu 2002 ndi Super Mario Clouds. Anatenga katiriji ya Nintendo ya gemu ya Super Mario Bros. ya 1985, anaitsegula, n'kusintha pulogalamu ya m'kati kuti zonse zichoke: Mario kulibe, adani kulibe, njerwa kulibe, nyimbo kulibe. Kunatsala thambo labuluu ndi mitambo yoyera ikuyenda pang'onopang'ono. Ntchitoyi inaonetsedwa ku chionetsero chachikulu cha zaluso cha Whitney Biennial ku New York mu 2004. Aliyense amene anasewerapo gemuyi amaizindikira mitamboyo nthawi yomweyo, koma palibe choti afuule kapena kuseka. Amaima n'kumadikira kuti Mario atulukire, ndipo satulukira. Kudikirako n'kumene kumamusunga munthu m'chipinda, ndipo zotsalazo amazidzaza yekha ndi za m'mutu mwake.

Ina yoti muione ndi giantJoystick ya Mary Flanagan ya 2006. Anapanga joyisitiki, ndodo yoyendetsera gemu, ya makina akale a Atari 2600 yotalika pafupifupi mamita 3. Munthu wamkulu akaima pambali pake amachepa ngati mwana, ndipo sangaiyendetse yekha: wina akankhe ndodo, wina apondereze batani. Iyeyu ubwana anaubweza kudzera m'thupi. Kathebulo kanu kakafupi kali m'njira yomweyo, musakasinthe.

Chisomo_Lens:

Ndikugwirizana ndi a Mjomba pa za padi, koma pa zochotsa zonse ndikukayika. Kumwetulira kwa anzanu kuja musakupeputse, achemwali. Munthu amene waseka wamasuka, ndipo womasuka ndi amene mungamuuze chinthu chowawa n'kumva. Vuto n'loti mukumusiya akusekabe mpaka atuluke.

Pali njira ina, yobwereza chinthu mpaka chisinthe tanthauzo. Dara Birnbaum anachita zimenezi mu 1978 ndi 1979 ndi zidutswa za pulogalamu ya pa TV ya Wonder Woman. Anatenga pomwe mkaziyo amazungulira n'kusandulika, kuwala kukuphulika, ndipo anapabwereza kambirimbiri. Koyamba umasangalala. Kachisanu umayamba kuona kuti ndi thupi la mkazi likuzunguzidwa kuti ena aonere. Chithunzi chake n'chomwecho, chasintha ndi iwe woonera. Inunso mutha kusiya masekondi awiri okha a nyimbo ija, azibwerera osafika pomwe aliyense akuyembekezera kuimba nawo.

Funso lina limene simunadzifunse: ubwana wa ndani? Wobadwa mu 2005 mwina sanagwirepo tepi ya VHS. Wina anakula m'zaka zomwezo koma TV ankaionera pawindo la nyumba ya ena. Ngati ntchito yanu ikudalira kuti munthu adziwe katuniyo, awiriwa mwawatsekera kunja. Koma zopatsidwa chinthu chabodza ndi wamkulu kuti ukhale chete, ndani sakuzidziwa? Feng Mengbo wa ku China, mu Long March: Restart ya 2008, anapanga gemu yooneka ngati ya m'ma 1980, msilikali wa Red Army, gulu lankhondo la achikomyunizimu a ku China, akuponyera adani zitini za Coca-Cola, ndipo ku MoMA PS1, nyumba ya zaluso ya ku New York, mu 2010 inkaonetsedwa pa makoma awiri aatali moyang'anizana, wosewera akuyenda pakati. Iye anakula ndi zithunzi za chipani cha chikomyunizimu, kenako kunabwera magemu ndi malonda akunja, ndipo anaziika pamodzi monga zinakhalira m'mutu mwake. Sunafunike kukulira ku Beijing kuti umve kuti zinthu ziwirizi zikukangana.

Za umwini, ine si loya ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma kudula katuni ya kampani yaikulu n'kuionetsa poyera ndi kudziika pangozi, makamaka vidiyo ya chionetserocho ikafika pa YouTube kapena Instagram, pomwe makompyuta amazindikira okha nyimbo. Pierre Huyghe ndi Philippe Parreno mu 1999 anachita kugula umwini wa kamtsikana ka manga (makatuni ojambula a ku Japan) kotchedwa Annlee ku kampani ina ya ku Japan, kenako n'kupatsa aluso anzawo kuti akagwiritse ntchito. Mickey Mouse wa mu Steamboat Willie ya 1928 anamasuka ku malamulo a umwini ku United States pa 1 January 2024, koma panthawiyo anali wa 1928 yekhayo, osati wa m'zaka zotsatira. Chapafupi n'kujambula kagemu kanu kanukanu, ka mitundu yochepa ndi timadontho tikulutikulu. Diso la munthu limakumbukira kaonekedwe ka nthawiyo msanga kuposa mmene mukuganizira.

Gift_waMawaya:

Ine ndilankhule za zipangizo, chifukwa ndamangirapo aluso angapo zoterezi ndipo zimafera pomwe sukuyembekezera.

Padi yakufa kotheratu siigwira ntchito kwa munthu wamkulu. Mwana wa zaka zinayi amanamizika, koma wamkulu amadina kawiri, n'kuona kuti palibe chikuchitika, n'kukauza woyang'anira chipinda kuti makina awonongeka. Muyenera kumunamiza mwaluso. Lumikizani mapadi onse awiri ku Arduino, kabolodi ka magetsi komwe mumakalembera malangizo, ndipo Arduinoyo ndiye isankhe padi yamoyo. Poyamba onse awiri aziyankha. Pakapita kanthawi, imodzi izimitsidwe mwakachetechete, koma kamunthu kake kazipitiriza kuyenda kokha, kakutsanzira zimene munthuyo amadina m'mbuyomo. Adzasewerabe, mwina mphindi yathunthu, asanayambe kukayikira. Pomwe akukayikirapo ndi pomwe mukupafuna.

TV yachimsanayo muisunge, ndipo mupeze yachiwiri yodikirira. Sony inasiya kupanga TV zake zachimsana za Trinitron mu 2008, Funai inasiya makina a VHS mu 2016, ndiye zikafa palibe kopita. Tepi musaiyendetse tsiku lonse, idzatha kapena kudyedwa. Koperani zonse pa kompyuta, muziseweretsa pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 3 kapena 4, zili ndi potulukira chithunzi cha mtundu wakale chotchedwa composite pa kabowo ka 3.5 mm, chimene TV yakale imalandira popanda chosinthira. Ubwino wina wa TV imeneyi ndi woti sichedwetsa chithunzi monga amachitira masikirini ambiri atsopano ndi mapulojekita, ndipo pa ntchito yanu, yomwe yagona pa kudina n'kuona ngati chayankha, kuchedwa pang'ono pokha kuwononga zonse. Kumbuyo kwake musatsegule nokha, chubu cha sikirini chili m'katimo chimasunga magetsi ambiri ngakhale mutazimitsa.

Chinanso: TV zimenezi zimalira kaphokoso kosongoka, 15,625 Hz pa TV za mtundu wa PAL. Ana amakamva bwinobwino, koma akuluakulu ambiri makutu awo anasiya kufika pamenepo. Mudzaona mwana akukwinya nkhope bambo ake osamva kanthu. Musakabise ndi nyimbo.

Tiyamike_V:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Nyimbo ndi nkhope za makatuni ndikuchotsa, ndijambula kagemu kanga. A Chisomo, mawu anu a wa pawindo uja andigwira, ndikuganiza zoboola kawindo pakhoma kuti odikira kunja azisuzumira.

A Gift, chandivuta ndi chimodzi. Kodi munthuyo ndimuuze kumapeto kuti padi yake inali itazimitsidwa? Ndikuopa kuti ndikapanda kumuuza atuluka osadziwa kanthu, ndikamuuza ndi mawu pa sikirini ziwoneka ngati ndamutchera msampha n'kumuseka. Ine sindikufuna kuseka munthu. Akuluakulu anga aja sankandida, ankangofuna kuti ndisalire.

Gift_waMawaya:

Musalembe mawu. Siyani chingwe chizinena chokha. Mkati mwa padi muikemo kachipangizo kotumiza uthenga popanda waya, ndipo chingwe chooneka chija chikhale chongonamizira, chachitali, chopita kuseri kwa kathebulo. Gemu ikatha, kanyali kakang'ono kayake kuseriko kwa masekondi asanu, pomwe mapulagi onse awiri agona pansi osalowetsedwa paliponse. Onse awiri, osati imodzi, kuti wina asaoneke wopusa pamaso pa mnzake. Ena sadzayang'ana n'komwe, alekeni apite.

Mabatire a mapadiwo muzisintha m'mawa uliwonse chipinda chisanatsegulidwe, ndipo woyang'anira mumulembere papepala njira yoyatsira ndi kuzimitsira, kuyambira pa soketi. Mukamaliza kulumikiza Arduino tumizani chithunzi cha mawaya ake pano, ndione ngati mabataniwo mwawaikira debounce, njira yoti kudina kuwerengedwe kamodzi kokha, apo ayi kudina kamodzi kuziwerengedwa katatu.