Matenda a khunyu ndi tanthauzo la ulumali m'malamulo a ntchito ku Britain

Woyang'anira antchito, Leeds:
Anzanga, ndikupempha nzeru. Panyumba yosamalira okalamba pomwe ndimagwira ntchito pali mayi wina wodwala khunyu, amene amatha miyezi ingapo osagwa chifukwa amamwa mankhwala mosadumphitsa, koma akagwa amalephera kubwera kuntchito kwa masiku angapo. Mabwana akufuna kuti ndiwalembere mayiwo kalata yochenjeza, ati munthu wooneka wathanzi chotere sangawerengedwe ngati waulumali. Ine mtima wanga ukukana.

Mlangizi wa malamulo a ntchito:
Anzanga, kalatayo musalembe msanga. Gawo 6 la Equality Act ya 2010, lamulo loletsa tsankho, limati ulumali ndi vuto la m'thupi kapena la m'maganizo lomwe limasokoneza kwambiri zochita za tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, ndipo nthawi yaitaliyo ndi miyezi 12 kapena kuposerapo. Pomwe mabwana anu aphonya ndi pa ndime 2 ya Schedule 1 (zowonjezera za kumapeto kwa lamuloli), yomwe imanena kuti vuto likaleka koma n'kukhala loti likhoza kubwereranso, lamulo limalitenga ngati likupitirirabe. Pa mlandu wa SCA Packaging ndi Boyle mu 2009, House of Lords, yomwe panthawiyo inali khoti lalikulu koposa, inagamula kuti n'kokwanira kuonetsa kuti vutolo likhozadi kubwereranso. Komanso khoti limayang'ana mmene munthuyo akanakhalira akanapanda kumwa mankhwala, choncho miyezi yabata ija siwachotsera mayiwo chitetezo. Chenjezo lochokera pa kujomba kotereku lingagwe pansi pa gawo 15, lomwe limaletsa kuchitira munthu zosayenera chifukwa cha zinthu zobwera ndi ulumali wake, pokhapokha olemba ntchito ataonetsa kuti linali loyenera ndiponso losapyola muyezo.

Woimira bungwe la ogwira ntchito:
Ndikugwirizana nawo, koma tisaiwale kuti khunyu sili pamndandanda wa khansa, HIV ndi multiple sclerosis (matenda ogwira ubongo ndi minyewa), omwe lamulo limawatenga ngati ulumali popanda kufunsa zambiri. Apa pafunika umboni. Mayiwo akavomera, atumizeni kwa madokotala oona za umoyo pantchito, ndipo mufunse makamaka za mashifiti a usiku, popeza kusagona mokwanira kumautsa matendawa mwa anthu ambiri. Masiku amene ajomba chifukwa cha khunyu alembedwe padera, asasakanizidwe ndi a chimfine.

Woyang'anira antchito, Leeds:
Zikomo kwambiri nonse. Ndipempha mabwana kuti chenjezo liimitsidwe mpaka lipoti la dokotala litabwera, ndipo mawa ndikhala pansi ndi mayiwo kuti anene okha ngati angakonde kusamukira ku mashifiti a masana.