Mayi akutsegula m'mimba atamwa maantibayotiki, dokotala wa m'matumbo ndimupeza kuti?

Wa ku Area 25:
Abale ndithandizeni, mayi anga anamwa clindamycin chifukwa cha dzino, atangomaliza basi m'mimba mwatseguka sizikusiya, chimbudzi chamadzi chonunkha zedi, thupi likutenthanso. Muno mu Lilongwe dokotala wa za m'matumbo amapezeka kuti?

Nesi wa ku Kawale:
Pepani achimwene. Zitha kukhala C. diff zimenezo, kachilombo koyambitsa kutsegula m'mimba, mankhwalawo amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo ndiye oipawo amachulukana n'kumatulutsa poizoni, makamaka kwa achikulire ngati amayiwo. Loperamide, mankhwala oletsa kutsegula m'mimba aja, musawapatse chonde, zimatha kuipiraipira. Thanzi ORS azimwa pafupipafupi, mukaona magazi kapena m'mimba mwatupa thamangani usiku womwewo osadikira kuche.

Mlongo wa ku Biwi:
Yambirani ku chipatala chaching'ono akulembereni kalata ya ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, kumeneko kuli maspeshalisti ndipo amaunikanso m'matumbo ndi kamera. Mutenge buku lawo lakuchipatala ndi kapaketi ka mankhwalawo, adokotala awone okha.

Nesi wa ku Kawale:
Ndinaiwala, sanitaiza sapha kachilomboka, muzisamba m'manja ndi sopo, toileti muzitsuka ndi Jik. Flagyl wa pa golosale ayi, adokotala ndiwo asankhe akayeza chimbudzi.